Mbawala yoyera ija si ya ku Bua

Chithunzi chija chinagwa pa gulupu ya WhatsApp ya kumudzi kwathu madzulo a Lachisanu, ndipo pofika Loweruka m'mawa chinali chitamaliza magulupu onse: ya kutchalitchi, ya banki m'khonde, ngakhale ya anyamata a kabaza a pa boma. Mbawala yamphongo, yoyera kuti mbee kuyambira kumphuno mpaka kumchira, itaima chilili pakati pa mitengo, maso ali pa wojambulayo. Pansi pake wina analemba kuti yaoneka ku Bua, m'nkhalango yathu ya Nkhotakota, n'kuonjezera kuti amene ali ndi makutu amve, nthawi yatha. Ma Ameni anatsatana. Wina anati ayi, umenewu ndi mwayi, chaka chino mpunga ubereka. Mayi wina wachikulire anatumiza mawu ochenjeza kuti tisamaseke, imeneyo si nyama, ndi munthu.

Chimene anthu sanachiyang'ane ndi nyanga. Zinali za nthambi, zophukira uku ndi uku. Nyama yathu iliyonse, kaya ndi mbawala, ngoma, nswala, mphalapala, chilembwe kapena gwape, nyanga yake imakhala imodzi mbali iyi, imodzi mbali iyo. Ipotoke, ipinde, iongoke, koma siphuka nthambi, ndipo ikamera yamera mpaka nyamayo kufa. Za nthambi zija ndi za mtundu wina, wa ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, umene nyanga zake ndi fupa lokhalokha, zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso zatsopano. Mu Africa muno mtundu umenewu kwawo ndi kumpoto kokha, m'mapiri a Atlas cha ku Algeria ndi Tunisia. Imene ili m'mafamu a ku South Africa anachita kubwera nayo azungu. Ku Bua kulibe, ndipo sinakhaleko.

Pa gulupu sindinalembepo kanthu. Munthu sutsutsa chinthu chimene apongozi ako alembapo kale Ameni.

Komabe chithunzicho sichinali chopanga pa kompyuta. Nyama zotere zilipodi, ndipo kumene zimapezeka anthu amaimitsa galimoto pamsewu n'kuyamba kujambula manja akunjenjemera. Bodza linali pa malo okha. Ndiye funso limene linanditsalira silinali lakuti kodi ikulosera chiyani, koma lakuti nyama yooneka patali chonchi inakula bwanji mpaka kumera nyanga zonse zija osadyedwa.

Foni ndinapita nayo kwa amalume. Paunyamata wawo anali munthu wa uzimba, nthawi imene tchire likapsa mudzi wonse unkatuluka ndi agalu, nthungo ndi zibonga, ndipo panopa maso ndi amene awasiyitsa zambiri. Anaiika foniyo pafupi ndi mphuno, n'kuitalikitsa, n'kuibwezanso.

"Izi ndi nyanga kapena yanyamula nkhuni?"

"Ndi nyanga, amalume. Akuti yaoneka ku Bua."

"Akuti ndani? Mphwanga, Bua ndamuyenda ine kuyambira ku mlatho mpaka kumtunda. Iyi ndi ya eni ake kwinakwake."

Anandibwezera foni, koma nkhani sinathere pomwepo. Anati kale, iwo asanakwatire, pa uzimba wina anavumbulutsa gwape wa mawanga, msana wofiirira monga agwape onse, koma m'nthiti ndi miyendo yakumbuyo zili zoyera. Palibe anaponya nthungo. Wamkulu wa uzimbawo anakuwa kuti agalu aitanidwe, ndipo anthu anaima n'kumamuyang'ana gwape uja akudumpha pa lupsa mpaka kukalowa m'khwawa. Ena ankati ndi wa mizimu, ena ankati wamusiya dala mwini tchire kuti aone ngati tili ndi mwambo.

"Ndiye munadzamuonanso?"

"Kumuona kuti? Chinthu choyera pa lupsa, chiombankhanga chimachiona chili pamwamba pa phiri la Chipata. Ife tinamuleka, koma fisi sadziwa za mizimu."

Amalume sanapite patali ndi sukulu, koma pamenepa ananena zimene akatswiri a zanyama amalemba m'mabuku. Mtundu wa ubweya, wa khungu ndi wa maso umachokera ku chinthu china cha m'thupi chotchedwa melanini. Pali nyama zimene thupi lake silipanga melanini n'komwe. Izi ndiye zachialubino zenizeni: ubweya woyera, mphuno yofiira, ziboda zotuwa, maso ofiirira chifukwa timitsempha ta magazi timaonekera. Masowo saona bwino ndipo dzuwa limawathobwa. Pali zina zimene melanini zimapanga ndithu, koma safika ku ubweya. Zoterezi zimayera thupi lonse pamene maso ndi mphuno zili zakuda bwinobwino, ndipo zimaona monga zinzake. Ya pa chithunzi ija inali ndi maso akuda, choncho sinali yachialubino ngakhale anthu ankaitchula choncho. Ndiye pali zamawanga, monga gwape wa amalume. Mwana akamaumbika m'mimba, maselo (tizigawo ting'onoting'ono ta thupi) opereka mtundu amayambira cha kumsana n'kumafalikira kunsi. Pamene sanafike pamatsala poyera, n'chifukwa chake mawanga oyera amakonda kukhala kumimba, m'miyendo ndi kumaso, msana uli ndi mtundu wake.

Zonsezi ndi zakumtundu. Kawirikawiri chibadwa chimenechi chimayenda mobisala: tate ali nacho koma saoneka, make ali nacho koma saoneka, ndipo awiriwa akakumana, mwa ana anayi mmodzi ndiye angathe kutuluka woyera. Akakhala nacho kholo limodzi lokha, ana onse amabadwa ofiirira, chinthucho n'kumangodutsa mibadwo mwakachetechete. Ku America, kumene anthu amasaka mbawala za nyanga za nthambi zija mamiliyoni chaka chilichonse ndipo boma limasunga kaundula, amayerekeza kuti yachialubino imabadwa imodzi mwa 20,000 kapena 30,000, pamene zamawanga sizifika ziwiri pa 100 zilizonse. Ndipo zamawangazo, ngakhale zimakongola pa chithunzi, zambiri zimabadwa ndi zilema: miyendo yaifupi kapena yokhota, msana wopindika, chibwano cham'munsi chachifupi, mphuno yokhotera pansi. Chikomekome cha nkuyu.

Tsono taganizirani mbuzi za pakhomo panu. Yoyera, yakuda, ya mawanga atatu, ya mutu wofiira thupi loyera, zonse zimadya limodzi kuseri kwa nkhokwe, ndipo palibe anayamba watumizapo chithunzi cha mbuzi ya mawanga n'kunena kuti dziko latha. Makolo a mbuzi zimenezi, a kuthengo, anali otuwa mofanana onse. Mawanga anachuluka chifukwa cha khola. Usiku timazitsekera, masana mwana amazilondera, fisi akabwera timadzuka ndi miuni. Kamwana koyera kamene kuthengo kakanatha sabata yoyamba, pakhomo kamakula n'kuswa ena oyera. Nyama yoyera ikakula, ndiye kuti penapake pali munthu, kapena mpanda, umene waima pakati pa iyo ndi chimene chikanaidya. Ine pa nkhani yonseyi mfundo imene ndaigwira ndi imeneyi.

Umboni wake waukulu uli m'boma la New York, m'dera la Seneca. M'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, asilikali a America anatenga malo oposa maekala 10,000 kuti azisungirapo zipolopolo ndi mabomba. Anazunguliza mpanda wa waya wotalika pafupifupi makilomita 39, ndipo mosadziwa anatsekera mkati mbawala zingapo za m'tchire momwemo. Zina mwa izo zinali ndi chibadwa chobisika chija. Poti zinkangokwerana zokhazokha, pasanathe zaka zambiri munayamba kuoneka zoyera. Mkulu wa asilikali pamalopo analamula kuti yoyera isaomberedwe. Zofiirira ankazisaka ndithu kuti zisachuluke kuposa msipu, koma zoyera ankazilambalala. Ndiye onkhetsani: mpanda woletsa kutuluka ndi kulowa, chibale chokwatirana, ndi mfuti yosankha. Patapita zaka, gulu limenelo linatchuka kuti ndilo lalikulu kwambiri la mbawala zoyera pa dziko lonse, ndipo panthawi ina zoyerazo zinkawerengedwa pafupifupi 200. Maso ake ndi akuda, si zachialubino. Malo osungira zida zophera anthu ndiwo anasanduka khola la nyama imene ena amaiona ngati mngelo.

Kwina si mpanda wa waya koma wa lamulo. Boma la Wisconsin limaletsa kupha mbawala yoyera, ndipo kamzinda ka Boulder Junction kamadziwika nazo, alendo amapitako kukazifunafuna m'mbali mwa misewu. Boma loyandikana nalo la Michigan linali ndi lamulo lomwelo koma linalichotsa mu 2008, akatswiri atanena kuti palibe chifukwa chotetezera chibadwa chimene sichithandiza nyamayo. Mu 2014 mnyamata wina wa zaka 11 kumeneko anaombera yamphongo yachialubino, mololedwa ndi lamulo, koma chithunzi chake chitafala anthu anamutukwana pa intaneti mpaka kumuopseza. Anthu omwewo sakanatsegula pakamwa akanakhala kuti waombera yofiirira. Apa ine ndimaona kuti akatswiri a ku Michigan sananame, komanso wamkulu wa uzimba wa amalume sanalakwe. Kuleka nyama imodzi ipite chifukwa mtima wagunda si sayansi, koma mudzi umene umatha kuitana agalu nyama ili pafupi ndi mudzi umene uli ndi mabuleki.

Ndipo tisamadzinyoze kuti zokhulupirira zoterezi ndi zathu zokha. Ku England mfumu Richard II, imene inalamulira kuyambira 1377 mpaka 1399, inatenga mbawala yoyera yamphongo, yovala chisoti chachifumu m'khosi, kukhala chizindikiro chake. Nyumba zambiri zomwera mowa kumeneko zinatengera dzina pa chizindikirocho, ndipo amene mumatsatira Tottenham mukudziwa bwalo lawo lakale la White Hart Lane, limene anasewerapo mpaka 2017: dzinalo ndi la nyama yomweyi. M'mapiri a ku Austria alenje ankakhulupirira kuti wopha nyama yoyera samaliza chaka. Mu 1913 Franz Ferdinand, amene ankayembekezera ufumu wa Austria ndi Hungary ndipo anali mlenje wosakhuta, anaombera mbuzi ya m'mapiri yoyera. Pa 28 June 1914 anamuombera iye ku Sarajevo, nkhondo yoyamba ya dziko lonse n'kuyambika. Mpaka lero alipo amene amagwedeza mutu akamaifotokoza. Ine ndimangoti munthu amene anapha nyama zikwizikwi, tsiku lina anayenera kukumana ndi yoyera.

Kwathu kuno, amene anaonapo Kasiyamaliro akutuluka usiku mwezi ukuwala, wamtali, wotuwa, ng'oma zikulira, amadziwa chimene thupi limachita likaona chilombo choyera chikuchokera kumdima. Za kudambwe sindinena zambiri, si za pa intaneti. Ndikungoti mantha osakanikirana ndi ulemu amene anagwira anthu ataona chithunzi chija sanachokere kutali.

Vuto ndi lakuti maso omwewo amene amalemekeza ndi amenenso amaika mtengo. Ku Kenya, m'dera la Garissa, m'nkhalango ya Ishaqbini Hirola imene amayang'anira ndi anthu a m'midzi yozungulira, munaoneka nyamalikiti yoyera ndi mwana wake. Kanema wake anafala dziko lonse mu 2017. M'mwezi wa March 2020 anapeza mafupa a make ndi kamwana kake kena kobadwa pambuyo pake, opha nyama mozemba atachita zawo. Yamphongo yoyera imene inatsala, mwana wa make yemweyo, anaimangirira kachipangizo ka GPS pa nyanga kuti alonda azidziwa pamene ili ola lililonse. Ku South Africa nako eni mafamu a nyama anayamba kuweta dala nswala zakuda, nyumbu zofiirira ngati golide ndi zina zoyera, akuyembekeza kuti alenje olemera azidzalipira ndalama zambiri. Mitengo inakwera mopenga, kenako cha m'ma 2016 ndi 2017 inagwa, chifukwa chinthu chimene aliyense akuweta sichikhalanso chosowa. Choncho amene analemba kuti nyama ija ili ku Bua, ikanakhala kuti ilikodi, akanakhala atailozera anthu a makhwekhwe njira. Lamulo lathu la zanyama zakuthengo linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu ina chilango chake chimafika zaka 30 m'ndende, koma waya wotchera m'njira ya nyama sawerenga malamulo.

Pali nkhani ina imene Mmalawi sangailambalale akamakamba za kuyera kotere, ngakhale ndikuilowa mosamala. Sindikuika munthu ndi nyama pa sikelo imodzi. Chimene chikufanana ndi maganizo a oonawo. Mawu a mayi aja, akuti si nyama koma munthu, ali ndi mnzake woopsa amene tinamumva m'dziko muno, wakuti uyu si munthu koma chuma. Kuyambira kumapeto kwa 2014 abale athu achialubino anayamba kubedwa ndi kuphedwa, manda awo kufukulidwa, ndipo pofika pakati pa 2016 bungwe la Amnesty International linali litawerenga anthu osachepera 18 ophedwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino oposa 134,000. Amenewa ndi ana a m'makalasi mwathu, ogulitsa usipa pa msika, aphunzitsi, azimayi a kumpingo. Chimene chilipo pa iwo ndi kuchepa kwa melanini, basi. M'mafupa mulibe golide, mulibe chizimba, ndipo chimene akusowa ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa, chipewa, magalasi, ndi tulo topanda mantha. Boma lathu lino la Nkhotakota lili ndi mbiri imodzi yabwino pa nkhaniyi: mu 2021 anthu a kumpoto chakum'mawa kwa bomali anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu, munthu wachialubino woyamba kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya Malawi. N'chifukwa chake ndikamva munthu akuti choyera ndi chizindikiro, kaya cha mwayi kaya cha tsoka, mtima wanga sukhala m'malo. Tinaona kumene kaganizidwe kameneka kamathera.

Nanga mbawala yathu yeniyeni ya ku Bua? Imeneyo ndinaiona, m'mawa wina dzuwa lisanatenthe, m'mphepete mwa mtsinje momwe mitengo imagundana. Kunena zoona amene anaiona ndi mlonda wa nkhalango amene ankatiperekeza. Anaima, n'kuloza ndi chibwano. Ine ndinayang'ana ndithu, osaona kanthu, masamba okhaokha ndi timawanga ta dzuwa. Kenako khutu linagwedezeka, ndipo nyama yonse inangotulukira pamalo pomwe ndinkayang'anapo kale. Yaikazi, yofiirira ngati dothi la katondo, timadontho toyera pa ntchafu, timizere tosaoneka bwino m'nthiti, kachigamba koyera pakhosi. Zoyerazo ndi zimene zinkaibisa, chifukwa zinkafanana ndi kuwala kodutsa m'masamba. Inatiyang'ana, inauwa kamodzi monga galu, n'kulowa m'zitsamba. Ikanakhala yoyera thupi lonse ndikanaiona ndili kutsidya, ndipo kambuku akanaiona ine ndisanakhale n'komwe ndi maganizo opita kumeneko.

Chithunzi chake palibe akanachitumiza pa gulupu. Komatu m'zaka zapitazo chosowa chenicheni m'nkhalango imeneyi chinali chomwechi, nyama wamba. Nkhalango ya Nkhotakota ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo kale inali ndi njovu zoposa 1,500. Pofika 2015 zinali zitatsala zosakwana 100, ndipo tchire linali zii. Chaka chimenecho bungwe la African Parks linagwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Mu 2016 ndi 2017 tinaona malole akudutsa ndi njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamodzi ndi nyama zina pafupifupi 2,000, mphalapala, ngoma, anakodzwe, njati ndi zina. Anamanga mpanda wa magetsi, alonda n'kuyamba kuzula makhwekhwe. Ku Salima nako kuli Kuti, malo aang'ono otchingidwa ndi waya, opanda mikango, kumene munthu umatha kuyenda pansi kapena pa njinga mbidzi zikudya poteropo.

Ndiye ngati tsiku lina mudzabadwe nswala yoyera kapena gwape wa mawanga m'malo amenewa n'kukula, sindidzadabwa. Nyama zotsekeredwa, zochokera ku makolo owerengeka, zotetezedwa kwa alenje: ndi njira ya ku Seneca yomwe ija, kungoti ku Nkhotakota malo ndi aakulu ndipo akambuku akadalimo. Akatswiri akadzaiona sadzaimba Ameni. Adzayamba kufunsa ngati magazi sakuyandikana kwambiri, ndiponso ngati si nthawi yobweretsa zamphongo zina kuchokera kwina.

Za ku Seneca zili ndi mathero ake. Asilikali anatseka malo aja m'chaka cha 2000. Atachoka, panalibenso wosamala msipu monga kale, tchire linasintha, ndipo chiwerengero cha zoyera chinatsika kwambiri. Panadutsa zaka anthu akukangana kuti malowo achite nawo chiyani, mpaka mu 2016 wamalonda wina wa m'deralo, Earl Martin, anagula maekala pafupifupi 7,000. Gawo lina analisiyira mbawalazo, akuzidzalira chakudya, akukonza mpanda, alendo n'kumalipira kuti akazione. Nyama zimene zinayamba ndi lamulo la msilikali mmodzi tsopano zikudalira thumba la munthu mmodzi.

Mgwirizano wa nkhalango yathu ndi wa zaka 20 kuchokera mu 2015. Ana amene anabadwa chaka chimene malole a njovu ankadutsa adzakhala asanakwanitse zaka 20 pamene udzathe. Pa misonkhano ya kwa mfumu timakamba kwambiri za njovu zimene zathyola waya n'kudya chinangwa cha anthu, ndipo m'pake, chifukwa munda ndi moyo. Za amene adzagule waya wina ndi kulipira alonda ikadzadutsa 2035 sitinayambe kukambirana.